Mapiritsi a likodzo tinkamwa ulere aja, mawa alipira ndani?

Amene munaphunzira pulayimale kufupi ndi nyanja mukulikumbuka tsiku limeneli. Aphunzitsi ankalengeza pa asembule kuti mawa aliyense abwere atadya, kaya ndi mbatata kaya mkute, chifukwa kukubwera a zaumoyo. M'mawa mwake tinkaima pamzere, mlangizi wa zaumoyo n'kumatiimika mmodzimmodzi pa kathabwa koyezera msinkhu. Wamfupi ankalandira mapiritsi awiri, wamtali atatu kapena anayi. Anali akuluakulu, owawa, fungo lake losaiwalika. Ena ankawabisa m'thumba la yunifomu n'kukawataya kuseri kwa kalasi. Amene wabwera ndi njala ankachita chizungulire, ena kusanza kumene, ndiye pofika madzulo mudzi wonse unkakhala utamva kuti boma likufuna kutseka ana kuti asadzabereke.

Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo m'kalasi mwathu anyamata okodza magazi analipo ambiri. Sitinkaziona ngati matenda. Akuluakulu ena ankachita kunena kuti ndiye kukula kumeneko. Palibe anatiuza kuti tinyongolotsi ta likodzo timaikira mazira m'mitsempha ya chikhodzodzo, kuti mwana amachepa magazi, amatopa msanga, m'kalasi amangosinza, ndipo kuti akakula chikhodzodzo ndi impso zimatha kuwonongeka. Atsikana ndiye nkhani yawo sinkakambidwa n'komwe, chonsecho likodzo likafika kumalo obisika limabweretsa zilonda ndi ululu zomwe kuchipatala nthawi zambiri amaziyesa matenda opatsirana pogonana.

Sindinadzifunsepo kuti mapiritsi aja ankachokera kuti. Ndinkangoti ndi a boma basi. Ndadzadziwa nditakula kuti dzina lake ndi praziquantel, kuti anapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuti kuyambira 2007 kampani ya Merck ya konko yakhala ikuwapereka ulere kudzera ku bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mpaka kufika polonjeza mapiritsi 250 miliyoni pachaka. Mafuta a galimoto yowafikitsa kusukulu kwathu, maphunziro a alangizi, ngakhale mapepala olembapo maina athu, gawo lalikulu la ndalama zake linkachokera ku misonkho ya anthu a maiko ena ndi mabungwe akunja.

Ndalama zimenezo zikuphwa tsopano. Maganizo anga ndi akuti ife a zaka za m'ma 20, amene tinakula ndi mapiritsi aulere, maneti aulere ndi katemera waulere, tisiye kuiona nkhaniyi ngati ya madokotala ndi azungu a m'mabungwe okha. Mwana amene akubadwa lero ku Makanjira kapena ku Chikwawa sadzapeza zomwe ife tinapeza pokhapokha dziko lathu litayamba kuikapo ndalama zake. Ndipo mukudziwa nokha, ndalama za boma siziyenda popanda wina kuzikuwira.

Chifukwa chiyani amati matenda onyalanyazidwa?

Pa 30 Januwale chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira matenda omwe amatchedwa onyalanyazidwa. Pa mndandanda wa WHO alipo 21, ndipo amakhudza anthu oposa 1 biliyoni. Maina ake a Chingerezi ndi ovuta, koma mukawamva m'Chichewa muona kuti timawadziwa kuyambira kale: likodzo, kaodzera, khate, mphere, chiwewe, njoka zam'mimba, matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, matenda a maso ochititsa khungu, ngakhalenso kulumidwa ndi njoka. Ambiri mwa iwo sapha msanga ngati kolera. Amakudya pang'onopang'ono, kukulepheretsa kulima, kukuchotsa pasukulu, kukuchititsa manyazi pagulu. Amene amadwala ndi msodzi, mlimi wa mpunga, mayi wochapa kudambo, mwana wosambira kumtsinje, anthu oti sangaitane atolankhani kuhotela kuti adandaule.

Kunyalanyazidwako kumayambira pamsika. Kupanga mankhwala atsopano kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo kampani imafuna kudzabweza ndalama zake. Nanga wodwala kaodzera wa ku Rumphi angagule mankhwala a madola angati? Akatswiri ena atawerenga mankhwala onse atsopano omwe analowa pamsika kuyambira 1975 kufika 1999, anapeza kuti analipo 1,393. Mwa amenewa, 16 okha ndiwo anali a matenda a m'maiko otentha ndi chifuwa chachikulu cha TB.

Nkhani yomwe imandipweteka kwambiri ndi ya mankhwala otchedwa eflornithine. Ankadzutsa anthu amene akomoka ndi kaodzera wa ku Congo ndi maiko oyandikana nawo. Mu 1995 kampani yowapanga inasiya chifukwa sankabweretsa phindu. Patapita zaka zisanu mankhwala omwewo anatulukiranso ku America ngati mafuta odzola ochepetsa ndevu pankhope za amayi. Anthu atachita phokoso m'pamene mu 2001 kampaniyo inagwirizana ndi WHO kuti iyambirenso kupangira odwala kaodzera. Nawo mapiritsi a ivermectin, omwe anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza amamwa chaka ndi chaka popewa matenda ochititsa khungu obwera ndi ntchentche zakuda za m'mitsinje, anayamba ngati mankhwala a ziweto. Ng'ombe ndi agalu a kunja anali ndi msika wodalirika. Anthu anadzawalandira mu 1987, kampani ya Merck ya ku America itasankha kuwapereka ulere chifukwa panalibe wogula.

Zomwe zinachitika ku Rumphi

Pomwe pali ndalama ndi anthu ofunitsitsa zinthu zimasintha, ndipo umboni wake uli konkuno. Kaodzera wa kuno kwathu, yemwe amafala ndi ntchentche za kashembe kufupi ndi nkhalango za Vwaza ndi Nkhotakota, ndi wa mtundu woopsa kwambiri. Wa ku Congo amatha kutenga zaka ali m'thupi, wathuyu amapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Mu 2019 ndi 2020 dziko lino linkapeza odwala pafupifupi 90 pachaka, ochuluka kuposa dziko lina lililonse lomwe lili ndi mtundu umenewu. Kachilombo kakafika ku ubongo, mankhwala okhawo anali melarsoprol, jakisoni wa mumtsempha yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949 ndipo ali ndi poizoni wa arsenic. Amawotcha ngati moto akamalowa m'thupi, ndipo pa odwala 20 aliwonse mmodzi ankafa ndi mankhwalawo.

Bungwe la DNDi, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndi madokotala a MSF pamodzi ndi mabungwe a ku Kenya, Brazil, India, Malaysia ndi France, limapanga mankhwala popanda kufuna phindu. Linafukula mankhwala otchedwa fexinidazole omwe kampani ina inawapanga m'ma 1970 n'kuwasiya pashelefu. Kuyambira 2019 mankhwalawa anayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, ndi ndalama zochokera ku maiko a ku Ulaya. Odwala ambiri m'kafukufukuyu anali Amalawi, ndipo owasamalira anali madokotala ndi anamwino athu omwe. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza, ndipo mu 2024 WHO inati amenewa ndiwo akhale mankhwala oyamba. Lero wodwala amamwa mapiritsi kwa masiku 10 atadya, n'kubwerera kumunda kwake.

Tangoganizani, mlimi wa fodya wa ku Rumphi amene anavomera kulowa m'kafukufuku ameneyu wathandiza wodwala wa ku Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe amene sadzakumana naye n'komwe. Nkhani imeneyi inafika pa status ya angati mwa ife?

Si Rumphi yokha. Mu 2020 WHO inatsimikiza kuti Malawi yagonjetsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi obwera ndi udzudzu, dziko lachiwiri kum'mwera kwa Sahara pambuyo pa Togo. Mu Seputembala 2022 tinakhala dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kugonjetsa matenda a maso a trachoma, omwe amapindira nsidze mkati n'kumakanda diso mpaka munthu kuchita khungu. Mu 2015 Amalawi 7.6 miliyoni anali pachiopsezo cha matendawa. Mankhwala anapereka ndi kampani ya Pfizer, ndalama zambiri zinachokera ku Britain, koma amene anayenda mudzi ndi mudzi kuyeza maso a ana ndi kuchita maopaleshoni anali Amalawi, ena mwa iwo motsogozedwa ndi Pulofesa Khumbo Kalua.

Pa matenda akuluakulu ndiye mndandanda wake ndi wautali. Madokotala padziko lonse akafuna kudziwa kuti mwana wokomoka ndi malungo ali pati, amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Blantyre, chifukwa unapangidwira ku Queens m'zaka za m'ma 1980. Mu 1993 tinali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine, kafukufuku wa konkuno ataonetsa kuti wasiya kugwira ntchito. Kafukufuku wa mu 2011 yemwe anatsimikiza kuti munthu womwa ma ARV amachepetsa mwayi wopatsira mnzake HIV ndi 96 peresenti anachitikira m'maiko angapo, ndipo Lilongwe ndi Blantyre anali momwemo. Chaka chomwecho Malawi inayambitsa ndondomeko yoti mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo mpaka moyo wake wonse, ndipo maiko ena anatengera kwa ife. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi mu 2018, ndipo mu 2023 katemerayo anafika kwa ana a dziko lonse. Pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu, Malawi inakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo ya ana. M'madera a Malawi, Ghana ndi Kenya komwe katemerayu anaperekedwa, imfa za ana a msinkhu womulandira zinatsika ndi 13 peresenti.

Ndiye wina akamati Malawi imangopempha, ine ndimakana. Tapereka ana athu, magazi athu, nthawi ya amayi athu odikira pamzere, komanso nzeru za akatswiri athu. Chomwe sitinapereke mokwanira ndi ndalama, ndipo apa m'pamene pali vuto.

Mpopi ukutsekedwa

Zinayamba ndi Britain. Mu 2021 boma la kumeneko linadula thandizo lake lakunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo pulogalamu yaikulu yolimbana ndi matenda onyalanyazidwa yotchedwa Ascend, yomwe Malawi inali nawo, inathetsedwa isanafike kumapeto. Mu Febuluwale 2025 analengezanso kuti pofika 2027 atsika kufika pa 0.3 peresenti. Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira, Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo lakunja la America, n'kulengezanso kuti dziko lake lituluka mu WHO. Pofika Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID, lomwe chizindikiro chake tinkachiona pa maneti, pa makatoni a mankhwala ndi pa galimoto, linali litatsekedwa. Mu Novembala, thumba la Global Fund, lomwe limatigulira ma ARV ambiri komanso mankhwala a malungo ndi a TB, linapita ku Johannesburg kukapempha madola 18 biliyoni a zaka zitatu. Malonjezo a tsikulo anangopitirira pang'ono 11 biliyoni.

Bill Gates walengeza kuti bungwe lake ligwiritsa ntchito madola 200 biliyoni kenako litseke mu 2045. Ndi ndalama zambiri, koma ngakhale mwini wakeyo amavomereza kuti sangakwirire dzenje lomwe maboma asiya. Ndipo 2045 si kutali ayi. Ambiri mwa ife tidzakhala tisanakwanitse zaka 50.

Ku kafukufuku nako n'chimodzimodzi. Dziko lonse lapansi limaika madola pafupifupi 4 biliyoni pachaka pofufuza mankhwala, katemera ndi zoyezera matenda a anthu osauka, ndipo gawo lalikulu limapita ku HIV, TB ndi malungo. Likodzo, khate ndi anzawo amatola nyenyeswa. Wopereka wamkulu kuposa onse wakhala boma la America kudzera ku bungwe lake la NIH. Malo ambiri a kafukufuku omwe timanyadira ku Lilongwe ndi ku Blantyre amayendera ndalama zimenezi kapena za bungwe la Wellcome la ku London. Munthu mmodzi akasaina pepala ku Washington, mnyamata wa mu labu ku Blantyre amene wakhala zaka zisanu akuphunzira kuyang'ana tizilombo pa makina amayamba kulemba makalata ofunsira ntchito. Akaipeza ku Johannesburg kapena ku Manchester, sabwerera msanga.

Kuno kwathu ndalama zoposa theka zomwe zimagwira ntchito pa zaumoyo zimachokera kunja, ndipo pa HIV ndiye pafupifupi zonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Umoyo wathu wakhala pachala kwa zaka zambiri.

Choopsa ndi chakuti matenda amenewa amabwerera anthu akangotayirira. Ku Sri Lanka mu 1963 kunapezeka odwala malungo 17 okha m'dziko lonse. Anaona ngati nkhondo yatha, ntchito yopopera mankhwala inachepa, ndipo pofika 1969 odwala anaposa 500,000. Zinawatengera mpaka 2016 kuti WHO iwatsimikize kuti athana nawo malungo. Ife tili ndi phunziro lathu la khate. Mu 1994 tinafika pa mlingo womwe WHO imati matendawa salinso vuto lalikulu, thandizo linachepa, amene ankadziwa kuzindikira banga la khate anapuma pantchito. Lero odwala atsopano akupezekabe chaka chilichonse, ena atapunduka kale zala chifukwa anachedwa kudziwika. Satifiketi ya trachoma ya mu 2022 nayo idzatiteteza pokhapokha wina akapitiriza kuyeza maso a ana.

"Koma ndife osauka"

Mwina mukuti: iwe mtolankhani, dziko loti mafuta a galimoto timachita kugonera pamzere, ndalama zakunja kulibe, kuchipatala amakulembera kuti ukagule wekha panado, lingalimbane ndi za kafukufuku? Funso limeneli ndi lomveka ndipo sindilipeputsa. Malawi singapange katemera watsopano payokha. Katemera wa malungo uja anatenga zaka zoposa 30 ndi madola mamiliyoni mazanamazana. Pa zinthu ngati zimenezo tidzafunabe maiko olemera, ndipo si manyazi kuwakumbutsa kuti tizilombo sitidziwa pasipoti. Poliyo amene anapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu 2022 anali wa mtundu wochokera ku Pakistan.

Koma kafukufuku wina ndi wotchipa, ndipo palibe angatichitire ngati ife sitikumufuna. Mu 2017 akatswiri a ku Liverpool ndi a kuno, poyenda m'magombe a Mangochi, anapeza mtundu wa nkhono womwe sunkadziwika kuti uli m'nyanja ya Malawi. Nkhono zimenezi zimafalitsa likodzo la m'matumbo, losiyana ndi lokodzetsa magazi lija. Atayeza ana asukulu chaka chotsatira anapeza kuti matendawa afala kale. Ntchito imeneyo inafuna galimoto, nsapato za jombo, zotolera nkhono, zoyezera ndi anthu odziwa chomwe akuyang'ana. Popanda iwo, ana akanamadwala m'mimba ife tikumati ndi chakudya. Akatswiri oterewa tili nawo ku KUHeS, monga Pulofesa Janelisa Musaya amene wakhala akufufuza za kaodzera ndi likodzo. Chomwe chimawavuta ndi chakuti funso lililonse lomwe akufuna kufufuza liyambe lakondweretsa wopereka ndalama wa kunja.

Palinso ena amene amati azungu apite ndi ndalama zawo, tidzuka tokha. Kulankhula kumeneku n'kokoma pa Facebook, koma amene akulankhulayo nthawi zambiri amapita ku chipatala cholipira. Amene amve kuwawa poyamba ndi mayi wa kumudzi amene neti yake yang'ambika. Kudzidalira kwenikweni kumaoneka m'buku la bajeti, ndipo kumafuna zaka zokonzekera.

Zomwe tingachite ndi makwacha athu

Choyamba, boma liike mzere woonekera m'bajeti wa ndalama zogawira mankhwala a matenda onyalanyazidwa ndi kulondoloza omwe tinawagonjetsa. Mankhwala ake timalandira ulere. Chomwe chimafunika ndi kuwachotsa kunkhokwe kuwafikitsa kusukulu, ndipo akatswiri amawerengera kuti zimenezi sizifika ngakhale theka la dola pa munthu pachaka. Zambiri mwa ndalamazi ndi zolipira m'makwacha. Ndi zomvetsa chisoni kuti mapiritsi aulere athe mphamvu ali m'katoni chifukwa chosowa woyendetsa. Panopa kwabweranso mapiritsi a likodzo a ana aang'ono, osungunuka m'madzi komanso osawawa kwambiri, a ana a miyezi itatu mpaka zaka zisanu ndi chimodzi omwe kale ankasiyidwa. Amenewa si a ulere ngati enawa. Tikapanda kukonzekera kugula, ana athu adzakhala omaliza kuwalandira.

Chachiwiri, tikumbutse atsogoleri athu malonjezo omwe anasaina okha. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kuika K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. M'zaka zaposachedwapa bajeti yathu yakhala pansi pa mlingo umenewu. Palinso upangiri wakale, wa mu 1990, woti maiko osauka aziika K2 pa K100 iliyonse ya ndalama za zaumoyo ku kafukufuku. Bungwe loyang'anira sayansi la National Commission for Science and Technology lilipo kale. Likanakhala ndi thumba lonenepa lomwe wophunzira wa masters wa ku Mzuni kapena ku MUST angapikisane nawo kuti afufuze za njoka zoluma alimi kwawo, mafunso ena akanakhala athuathu.

Chachitatu, madzi. Mwana amamwa praziquantel lero, mawa lake abwerera kugombe komwe kuli nkhono, ndipo pakatha miyezi ingapo wadwalanso. Likodzo, trachoma, njoka zam'mimba, taifodi ndi kolera zonse zimakumana pa mjigo ndi pa chimbudzi. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha Amalawi oposa 1,700, pa nthawi yomwe katemera wake anali wosowa padziko lonse moti anthu ankalandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Ndalama za CDF zikamakambidwa m'dera lanu, funsani kuti mijigo ingati yofa ikonzedwa, ndi kuti sukulu zingati zilibe zimbudzi.

Chachinayi, tisiye kuba mankhwala. Ndikuti tisiye chifukwa wogula LA kapena amoxicillin wa pa benchi kumsika, podziwa kuti wachokera kuchipatala cha boma, ali nawo m'gulu lomwelo. Mu Meyi 2025 dziko la America linalengeza kuti lidula madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala ku Zambia chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala. Tisadzinamize kuti kwathu kuno zimenezi kulibe. N'kovuta kuuza wokhoma msonkho wa ku Britain kuti apitirize kutithandiza, kapena wa ku Limbe kuti awonjezere, pomwe katundu akutulukira pakhomo lakumbuyo.

Chachisanu, ofufuza nawo asinthe. Mwana wa ku Ndirande akalowa m'kafukufuku, makolo ake ali ndi ufulu womva zotsatira zake m'chilankhulo chawo, komanso wodziwa kuti mankhwalawo akavomerezedwa adzafika pa chipatala chawo pa mtengo womwe boma lingakwanitse. Zotsatira zikamangotuluka m'magazini a Chingerezi a ku London, kumudzi kumatsala mphekesera. Tonse tikukumbuka 2017, pomwe nkhani ya anamapopa inachititsa kuti anthu aphedwe ku Mulanje ndi madera ozungulira, ogwira ntchito zachipatala n'kumaopa kulowa m'midzi. Munthu akamatengedwa magazi chaka ndi chaka osauzidwa kuti anapezamo chiyani, tisadabwe akayamba kukhulupirira za pa WhatsApp. Ifenso atolankhani tili ndi mlandu apa. Timathamangira nkhani ya nduna yotsegulira msonkhano kuhotela, koma zomwe akatswiri anapeza timazisiya chifukwa n'zovuta kuzimasulira.

Nanga iwe ndi foni yako?

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo miyezi isanafike pamenepo nduna ya zachuma imayenda kumva maganizo a anthu, kenako aphungu amakambirana bajetiyo ku Nyumba ya Malamulo. Phungu wa dera lanu ali pa Facebook, ndipo nambala yake ili m'gulu lina la WhatsApp lomwe inu mulimo. Bandulo yomwe timathera pa mikangano ya Bullets ndi Wanderers ingakwanenso kumufunsa mafunso awiri: ndalama za zaumoyo chaka chino ndi K zingati pa K100 iliyonse, ndipo ndalama zogawira mankhwala a likodzo m'boma lathu zichokera kuti? Akapanda kuyankha, mufunseninso pagulu. Aphungu amaopa funso lomwe labwerezedwa ndi anthu 200 kuposa nkhani ngati ino.

Uthenga woti katemera kapena mapiritsi akusukulu amatseketsa kubereka ukafika pafoni panu, musautumize kwa wina. Ife amene tinamwa mapiritsi aja tili pano, ndipo anzanga ambiri a m'kalasi muja ali ndi ana awiri kapena atatu. Ngati muli ndi m'bale kumudzi amene ali ndi banga losamva kukhudza, kapena mwana wokodza magazi, muuzeni apite kuchipatala. Mankhwala a khate ndi aulere, ndipo munthu amachira.

Mwana wa achemwali anga ali sitandade 3 pasukulu yomwe ndinaphunzira ine. Akaweruka amakasamba pagombe lomwe lija, chifukwa mjigo wapafupi unafa kalekale ndipo kutentha kwa Mangochi mukukudziwa. Ndinamufunsa pa Khirisimasi ngati akudziwa za mapiritsi owawa aja, anachita tsinya n'kunena kuti amawadziwa, ndi oipa. Ndikufuna kuti chaka chamawa adzawamwenso, ndipo akadzandifunsa kuti agula ndani mafuta a galimoto yowabweretsa, ndidzathe kumuuza kuti ndi msonkho womwe amayi ake amalipira akamagula sopo ndi ma unit.